Mwana Wovuta Akamavutitsidwa ndi Anzake

(Nyimbo yotsegulira)

Moni kwa inu a ku Msoro, a m'mbali mwa mtsinje wa Lupande ndi m'midzi yonse ya Amfumu a Msoro. Moni kwa inunso a kwa Jumbe, kwa Mnkhanya, kwa Nsefu, kwa Kakumbi ndi kwa Malama, ngati mawu athu akufika kumeneko. Amayi amene muli pamoto pitirizani kuphika, ife tikufuna makutu anu okha. Agogo, sendezani mpando pafupi, chifukwa ena mwa ana amene tikambe za iwo lero akuleredwa ndi inuyo.

Lero tikambirana za mwana amene pamudzi timati ndi wovuta. Mukumudziwa. Sakhazikika pansi. Mukam'tuma mchere amabwera ndi machesi, kapena sabwera n'komwe chifukwa panjira waona bilimankhwe. Amalankhula wamkulu asanamalize. Akakwiya amakwiya thupi lonse: kugenda, kuluma, kudzigwetsa pansi. Wina sachita phokoso, koma amasewera yekha, safuna kukhudzidwa, ndipo mukangosintha pang'ono zimene anazolowera amalira mpaka kusasa mawu. Mwana wotereyu timamuona ngati gwero la mavuto. Koma pali mbali imene imatiphonya. Kawirikawiri mwana ameneyu ndi amene anzake amam'vutitsa kuposa ena onse, ndipo akabwezera, chilango chimagwera iye yekha.

Tiyamba ndi kuona chimene chimachititsa ana ena kukhala chonchi. Kenako tiona mmene kuvutitsana kumayendera pakati pa ana, ndipo nthawi yathu yambiri tiithera pa zimene inu mungachite kunyumba ndi kusukulu. Koma mfundo imodzi muigwire kuyambira pano, ndipo ndiibwereza mpaka mutope nane. Mwana akalakwa, musanafunse kuti wachita chiyani, funsani kuti chinayamba n'chiyani.

Ana ena amabadwa choncho. Madokotala ali ndi dzina la vuto limodzi lotere, amati ADHD. Ubongo wa mwanayo umavutika kukhala pa chinthu chimodzi nthawi yaitali, umavutikanso kudziletsa, moti dzanja limafika iye asanaganize. Ena ali ndi vuto lotchedwa autism, limene limachititsa mwana kuvutika kumva nthabwala, kuzindikira nkhope ya mnzake kuti wakwiya kapena akuseka, ndi kupirira phokoso. Wina khutu lake silimva bwino chifukwa linkatuluka mafinya ali wamng'ono, ndiye tikamuitana iye osayankha timati ndi mwano. Wina mayi ake anamwalira. Wina amagona akumva ndewu ya makolo usiku ndi usiku. Wina amangopita kusukulu m'mimba mulibe kanthu.

Ndiye pali chifukwa china chimene ife a m'chigwa cha Luangwa tiyenera kuchidziwa bwino, ndicho malungo. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, m'dziko la Malawi, anatsatira ana amene anachira malungo a mu ubongo, malungo aja amene mwana amakomoka nawo ndi kugwedezeka. Zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Anapeza kuti ena mwa anawo, ngakhale anatuluka m'chipatala akuoneka bwinobwino, patapita miyezi anayamba kugwa khunyu, ndipo ena anasintha khalidwe: kusakhazikika, kupsa mtima msanga, kumenya anzawo. Mmodzi mwa amene anatsogolera ntchito imeneyi, Dokotala Gretchen Birbeck, wagwiranso ntchito zaka zambiri kuno ku Zambia, ku Chikankata, pa matenda a khunyu. Ndiye amayi, taganizani. Mwana wanuyo anali wotere kuyambira kale, kapena anasintha atadwala malungo aakulu aja amene munagona nawo kuchipatala? Ngati anasintha pambuyo pake, chikwapu sichingachotse chimene malungo anasiya. Ndipo tisathamangire kuloza chala nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi kuti yam'lodza.

Sindikunena kuti mwana aliyense wosamvera ndi wodwala, ayi. Ena ndi mwano ndithu, tonsefe tinali ana ndipo tikudziwa. Amene ndikunena ndi uja amene mwam'langiza, mwam'kalipira, mwam'menya, iyenso analonjeza akulira kuti sadzachitanso, koma mawa lake wachitanso. Ameneyo akulephera, sakukana.

Tsopano tilowe m'kalasi. Tiyerekeze mnyamata wa Giledi 4. Aphunzitsi atembenuka, akulemba pa bolodi. Mnzake wa kumbuyo akum'nong'oneza kuti, "Wamisala." Wina wam'bisira patapata. Wachitatu akutembenuza maso ndi kugwedeza manja, kuyerekeza mmene mnyamatayu anagwera khunyu tsiku lina. Zonsezi zikuchitika mwakachetechete. Mnyamata wathu akupirira, akupirira, kenako waimirira, wakuwa, waponya kope ndipo lam'menya wina pamaso. Aphunzitsi atembenuka. Akuona chiyani? Akuona mwana mmodzi ataimirira akukuwa, wina akulira. Kalasi yonse ikuyankha pamodzi kuti, "Ndi yemweyu aphunzitsi, wayambanso!" Akam'funsa, iye mawu sakutuluka, mkwiyo wam'tsamwitsa. Amene anam'puta aja akufotokoza bwinobwino, manja ali kumbuyo. Mnyamata wathu wapatsidwa chikwakwa kuti akatchetche udzu. Ndipo anzake aja aphunzirapo kanthu: kuti akam'khudza pamene paja amaphulika, kalasi yonse imasangalala, ndipo iwo palibe chowachitikira. Mawa adzachitanso.

Mphika ukasefukira, tonse timaona thovu likuzimitsa moto, koma amene amasonkhezera nkhuni timamuiwala. N'chifukwa chake ndikuti, musanafunse kuti wachita chiyani, funsani kuti chinayamba n'chiyani.

Zimenezi si za kuno kokha. Katswiri wina wa maganizo a anthu, Dan Olweus, anayamba kufufuza za kuvutitsana kwa ana asukulu ku Sweden ndi ku Norway m'zaka za m'ma 1970. Iye anati kuvutitsa timakudziwa ndi zinthu zitatu: kumachitika mwadala, kumabwerezedwa, ndipo mbali imodzi imakhala ndi mphamvu kuposa inzake, kaya chifukwa cha msinkhu, kaya chifukwa ali ambiri. Anaonanso kuti pakati pa ana ovutitsidwa pali kagulu ka ana osakhazikika ndi opsa mtima msanga, amene ngakhale akuluakulu sawamvera chisoni chifukwa amaoneka ngati amaziputa okha. Mu 2019 bungwe la UNESCO linanena kuti pa dziko lonse, mwana wasukulu mmodzi mwa atatu alionse amakhala atavutitsidwa ndi anzake m'mwezi wapitawo, ndipo m'chigawo chathu chino cha Africa ndi pafupifupi theka la ana.

Wina pakhonde apo akuti, "Aa, ana amasewera choncho, ifenso tinkanyozana tikuweta mbuzi." Zoona. Ngakhale akuluakulu timanyozana pachisuweni, ndipo palibe amakwiya. Koma pachisuweni onse awiri amaseka, ndipo lero ndinyoza ine, mawa unyoza iwe. Pamene akuseka ndi gulu koma mmodzi akulira, ndipo wolirayo ndi yemweyo tsiku ndi tsiku, pamenepo masewera anatha kalekale.

Pumani pang'ono ndi nyimbo iyi. Tikabwera tiona mmene mungadziwire kuti mwana wanu akuvutitsidwa, ndi mmene mungalankhulire naye.

(Nyimbo)

Tabweranso, ndipo ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukambirana za kuthandiza mwana wa khalidwe lovuta amene anzake akum'vutitsa.

Ana ambiri sanena. Mwana amene anazolowera kuti nkhani iliyonse wolakwa amakhala iye, ndiye sanena n'komwe. Akaulula apindula chiyani, poti mukangomva kuti kusukulu kunali ndewu mumathyola kale kamtengo? Choncho muyenera kuona nokha. M'mimba mumam'pweteka Lolemba m'mawa koma Loweruka ali bwinobwino. Yunifomu ikung'ambika pakhosi, pamene munthu amagwira pokoka mnzake. Mapensulo akutha ngati akudya. Amanyamuka pa nthawi yake koma aphunzitsi akuti sanafike, kenako mukumva kuti amakhala kumtsinje kapena m'munda wa thonje mpaka anzake ataweruka. Wayambanso kukodza pamphasa. Akafika kunyumba amayamba ndi kumenya mng'ono wake kapena kugenda nkhuku. Chimodzi mwa izi pachokha sichitanthauza kanthu, koma zikachulukana, pali nkhani.

Nanga mulankhula naye bwanji? Choyamba, osati atakwiya. Mwana akakhala kuti watentha, makutu ake amatseka, ndipo mawu anu onse amapita pachabe. Mulekeni azizire, amwe madzi, adye. Chachiwiri, musam'khazike patsogolo panu ngati pabwalo la milandu. Ana otere amalankhula bwino manja akugwira ntchito. Pitani naye kudimba, kapena mukhale pansi awiri mukutongola chimanga, maso ali pa chimangacho. Ndipo funso lakuti "chifukwa chiyani unam'menya" lisiyeni, chifukwa yankho lake iye salidziwa. Funsani mafunso aafupi, amene angayankhe. Unali pati? Pafupi nawe panali ndani? Ananena chiyani? Kenako chinachitika n'chiyani? Akayamba kusokoneza nkhani, kuyambira kumapeto kubwerera pakati, musati akunama. Ana ambiri otere amakumbukira nkhani m'zidutswazidutswa. Mukamva, nenani mawu awa momveka: "Zimene anakuchitirazo n'zoipa, ndipo wachita bwino kundiuza." Mwina aka kakhala koyamba kuti munthu wamkulu amuuze kuti iyenso walakwiridwa.

Pali malangizo awiri amene makolo timakonda kupereka, ndipo onse awiri sathandiza mwana ameneyu. Oyamba ndi akuti, "Ingowasiya, usawayankhe." Kwa mwana wofatsa mwina zimatheka. Koma uyu vuto lake lenileni ndi kulephera kudziletsa, ndiye mukum'tuma ntchito imene sangaithe, ndipo akalephera amadziona kuti ndi wachabe. Achiwiri amachokera kwambiri kwa ife abambo ndi amalume: "Ndiwe mwamuna, bwezera, akuope." Abambo, taonani kumene malangizo amenewa amathera. Anzakewo ndi anayi, iye ndi mmodzi. Akagonja am'vulaza. Akapambana, kapena akatola mwala n'kuvulaza mwana wa eni, mlandu ubwera pakhomo panu, mulipira mbuzi, ndipo dzina lake lakuti ndi woopsa lakhazikika mudzi wonse. Kubwezera n'kumene anzakewo akufuna.

Chimene chimathandiza ndi kuyeseza, monga amachitira a kwaya asanaimbe Lamlungu. Yambani ndi thupi lake. Mufunseni kuti, "Mkwiyo ukamabwera umayambira pati?" Wina adzati pachifuwa pamatentha, wina adzati manja amadzikunga okha, wina adzati makutu amalira. Chimenecho ndicho chizindikiro chake, ndipo achidziwe. Kenako m'phunzitseni mawu ochepa oti anene kamodzi kokha, mutu uli m'mwamba: "Siya, sindikufuna." Asatukwane, asafotokoze zambiri. Akatero, manja m'thumba, achokepo. Ndipo apa mvetserani bwino: kuchokapo kokha sikokwanira, ayenera kudziwa kumene akupita. Musamuuze kuti "ukauze akuluakulu." Akuluakulu ake ati? Tchulani munthu ndi malo. Pakhomo la ofesi ya ahedi. Pafupi ndi amayi ophika phala, ngati pasukulupo pali phala. Kwa mkulu wake wa Giledi 7. Akafika pamenepo akoke mpweya pang'onopang'ono, autulutse pang'onopang'ono, mpaka manja atamasuka.

Ndiye chitani sewero madzulo mukatha kudya. Inu mukhale mnzake wom'puta uja, koma ndi mawu opepuka, osati aja amene amam'baya mtima. Iye anene mawu ake, aike manja m'thumba, ayende mpaka pankhokwe, imene lero ikuimira ofesi ya ahedi. Sinthanani, iye akhale woputa, aone mmene inu mukuchitira. Museka, ndipo kusekako n'kwabwino. Chitani kanthawi kochepa koma kawirikawiri, chifukwa chimene mukufuna n'chakuti miyendo yake izolowere njirayo, kuti tsiku limene mutu watentha miyendo idzakumbukire yokha.

Ndikuuzeni zoona, adzalephera kambiri. Adzabwera atamenyananso. Koma tsiku limene adzakuuzani kuti, "Ndinachokapo, ngakhale ndinatukwana pang'ono," muyamikireni kuchokapoko. Kutukwanako mudzakonza mwezi wamawa. Mwana amene amamva dzina lake likutchulidwa pokalipira pokhapokha, mawu amodzi oyamikira amawasunga nthawi yaitali.

Pano wina angandifunse kuti, kodi ndiye kuti mwana wanga akavulaza mnzake ndizingomuikira kumbuyo? Ayi. Amene wamenyedwa ndi kope pamaso uja nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo wamva kupweteka. Mwana wanu apepese, ndipo ngati wang'amba kope la mnzake agwire kantchito kuti alibweze. Kufunsa kuti chinayamba n'chiyani sikufafaniza mlandu wake. Kumangoonetsa kuti pamlandupo pali anthu ena amene sanaitanidwe.

Tsopano tipite kusukulu, chifukwa katundu ameneyu mwana sangamusenze yekha, ndipo ndi ife akuluakulu amene tiyenera kusenza mbali yaikulu.

Musadikire kuitanidwa. Kholo limene limafika pasukulu pokhapokha mwana akalakwa limafika litagonja kale. Pitani tsiku labwinobwino, mupereke moni, mupemphe kuonana ndi aphunzitsi a kalasi yake. Ndipo pitani mwaulemu. Kuyambira mu 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, ana anachuluka kwambiri m'makalasi, ndipo mphunzitsi mmodzi sangaone zonse zochitika kumbuyo kwake. Ambiri sadziwa n'komwe kuti mwana wanu anadwalapo malungo a mu ubongo, kapena kuti khutu lake lina silimva. Auzeni. Ngati mungathe, lembani m'kope tsiku, malo ndi zimene zinachitika, kapena mwana wamkulu akulembereni. Kunena kuti "amam'vutitsa nthawi zonse" n'kosavuta kukukana. Koma kunena kuti "Lachiwiri pa mjigo anam'thira madzi, Lachinayi kuchimbudzi anam'tsekera" kumapatsa aphunzitsi poyambira.

Pemphani zinthu zazing'ono zimene sizifuna ndalama. Akhale kutsogolo pafupi ndi aphunzitsi, kutali ndi amene amam'puta. Agwirizane ndi aphunzitsi kachizindikiro kachinsinsi, kuti akamva kutentha kuja atuluke kanthawi popanda kufunsidwa mafunso pamaso pa anzake. Apatsidwe ntchito: kufufuta bolodi, kutolera makope, kuimba belu. Mwana wosakhazikika akapatsidwa chifukwa chabwino choimirira, amachepetsa kuimirira popanda chifukwa, ndipo anzake amayamba kumuona ngati munthu wodalirika. Pemphaninso kuti wamkulu wina aziponya diso kumalo kumene kuvutitsana kumachitikira kwenikweni: kuzimbudzi, pa mjigo, kuseri kwa makalasi nthawi yopuma. Masukulu ambiri ali ndi mphunzitsi wopereka uphungu kwa ana, m'funseni ameneyo. Zikakanika, pali ahedi, pali komiti ya makolo ndi aphunzitsi ija timati PTC, ndipo pamwamba pawo pali ofesi ya maphunziro ya boma la Mambwe, ija timati DEBS.

Kwa inu aphunzitsi amene mukumvetsera, pempho langa ndi limodzi. Mukatembenuka n'kupeza mwana uja ataimirira akukuwa, musaweruze nthawi yomweyo, ndipo musafunse kalasi yonse kuti wayamba ndani, chifukwa gulu limateteza gulu. Mutulutseni azizire. Kenako funsani ana awiri kapena atatu, aliyense payekha. Musanafunse kuti wachita chiyani, funsani kuti chinayamba n'chiyani. Za chikwapu, mukudziwa kale kuti lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kumenya ana m'sukulu, ndipo lamulo la ana la 2022 likuletsa munthu aliyense kulanga mwana pom'menya. Koma ngakhale lamulo likanakhala chete, ine ndikanati musakwapule, ngakhale ovutitsa anzawo aja. Mukawakwapula pamaso pa sukulu yonse chifukwa cha mnyamata wathu, ngongoleyo adzailipira iye panjira yopita kwawo, kumene kulibe mphunzitsi. Ndipo njira za kuno ndi zazitali.

Njira imeneyi ndiyo ikutifikitsa pa anthu amene ndikuona kuti ali ndi mphamvu kuposa onse, ndiwo ana oonerera. Ku Finland, mayi wina wa pa yunivesite ya Turku, Christina Salmivalli, ndi anzake anaona kuti wovutitsa mnzake amafuna anthu omuonerera. Malipiro ake ndi kuseka kwa gulu. Anakonza ndondomeko yotchedwa KiVa, imene inafalikira m'masukulu a dzikolo kuyambira mu 2009, yophunzitsa ana oonererawo kuti asaseke nawo, ndipo ngati angathe aime pafupi ndi wovutitsidwayo. Ife sitifunika kupita ku Finland kuti tichite zimenezi. Mwana wanu wofatsa uja, amene sanamenyepo munthu, m'funseni usiku uno kuti, "Anzako akamam'seka uje, iwe umatani?" Akati amangoseka nawo, muuzeni kuti kusekako ndi mbali ya nkhanzayo. Sakufunika kumenyana ndi aliyense. Angosiya kuseka, kapena anene kuti, "Tiye tizipita," n'kuyenda naye.

Ndipo kwa mwana wovutitsidwayo, mnzake mmodzi yekha amasintha zambiri. Simungam'gulire anzake khumi, koma mmodzi mungam'pezere. Yang'anani mwana woleza mtima wa pafupi, kaya msuweni wake, mulankhule ndi makolo ake kuti anawa aziyendera limodzi popita ndi pobwera kusukulu. Muitaneni adzasewere pakhomo panu, awiri okha, kanthawi kochepa, inu muli pafupi, ndipo alekane asanayambane. Pagulu lalikulu mwana wotere amasokonezeka, koma awiriwiri amatha. Onaninso chimene amachita bwino. Ambiri mwa ana osakhazikikawa ndi akatswiri popanga magalimoto a waya, pothamanga, poimba ng'oma, pogwira mpira pagolo. Pamene akuchita chimene amatha, anzake amam'funa.

Mipingo nayonso ili ndi malo ake. Pano pa Msoro mpingo wa Anglican unakhazikika kuyambira masiku a Bambo Leonard Kamungu, wansembe wochokera ku Nkhotakota amene anamwalira konkuno mu 1913, ndipo lero tchalitchi cha St Luke's ndicho tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya kum'mawa kwa Zambia. Amayi a Mothers' Union, amayi a Chigwirizano, a m'miphakati ya Akatolika ndi a mipingo ina yonse, mumayendera odwala ndi ofedwa. Yenderaninso mayi amene mwana wake mudzi wonse umam'nena. Mayi ameneyo anasiya kupita pa mjigo nthawi imene pali anthu ambiri, chifukwa watopa ndi madandaulo. Ndipo tizisamala pakamwa pathu. Mawu akuti "wamisala" amene mwana ananong'oneza m'kalasi muja sanawapeke yekha, anawamva pakhonde la kwawo. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anyakwawa, nkhani ya ana ikafika pabwalo panu, itanani onse amene analipo, osati amene anaponya mwala yekhayo.

Tisanatseke, mawu ochepa a zachipatala. Ngati mwana amagwa, kapena amangoti duu kuyang'ana malo amodzi osayankha kwa kanthawi, kapena khalidwe lake linasintha atadwala kwambiri, kapena mukukayikira makutu ake, yambani ndi chipatala chapafupi, ndipo nyamulani khadi lake la kusikelo ngati lilipo. Iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku zipatala zazikulu monga St Francis ku Katete, Kamoto, kapena Chipata Central. Ndikudziwa kuti msewu wa ku Katete nthawi ya mvula ndi nkhani ina, ndiye musadikire dzinja. Khunyu lili ndi mankhwala, ndipo silipatsirana, kaya pokhudza malovu, kaya podyera mbale imodzi. Anzake a m'kalasi akauzidwa zimenezi momveka, mantha amachepa, ndipo kunyoza kumachepa nawo.

Ndipo pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira mawa. Ku Norway mu 1982 anyamata atatu anadzipha atavutitsidwa kwambiri ndi anzawo, ndipo ndi imfa zimenezo zimene zinadzutsa dziko lonselo kuti liyambe kulimbana ndi nkhanza za m'sukulu. Mwana akanena kuti "bola ndingofa," kapena "mudzapuma ndikachoka," musati akungofuna kukuopsezani. Khalani naye pafupi, mumvetsereni, mupite naye kuchipatala. Ife alimi a thonje tili ndi mankhwala opopera m'nyumba zathu. Atsekereni kumene mwana sangafike, makamaka mwana amene amachita chinthu asanaganize. Ngati mwana wavulazidwa kwambiri, kapena wagwiridwa malo obisika, imeneyo ndi nkhani ya apolisi a Victim Support Unit ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Palinso nambala yaulere ya Childline imene mwana kapena kholo lingaimbe pa foni, ndiyo 116. Ndibwereze pang'onopang'ono kuti amene ali ndi cholembera alembe: 116. Simulipira kanthu.

Usiku uno, ana akagona, ganizirani funso ili, kapena mukambirane awiri ngati muli pabanja. Ulendo womaliza umene munalanga mwana uja chifukwa cha ndewu, kodi munadziwa chimene chinachitika iye asanaponye dzanja? Ngati simunadziwe, mawa mukupita naye kudimba m'funseni.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za mwana wa khunyu pasukulu: chochita akagwa m'kalasi, ndi zimene simuyenera kumuika m'kamwa. Auzeni aphunzitsi a kwanuko adzamvetsere nawo. Gonani bwino, ndipo musaiwale kulowa m'neti.

(Nyimbo yotsekera)